Chifukwa Chake Magetsi Amathima Dera Limodzi Kwina Akuyaka

Mvula ikayamba, anthu a pa Uliwa ndi madera ozungulira amaona magetsi akuthima mwadzidzidzi, nthawi zina n'kuyakanso patangopita masekondi ochepa. Ena amadabwa kuona chigayo cha mpunga chitaima pomwe kumudzi woyandikana nawo kukuwala. Kawirikawiri izi zimachitika chifukwa cha tizipangizo totetezera nthambo zamagetsi totchedwa relay.

Relay imayeza magetsi odutsa m'nthambo usana ndi usiku. Mtengo ukagwera pa mawaya, kapena mphenzi ikaomba, magetsi ochuluka koopsa amathamangira pamene pavutapo. Relay ikazindikira zimenezi, imalamula swichi yaikulu kuti idule magetsi thiransifoma isanapse kapena moto usanabuke.

Koma ma relay alipo ambiri motsatizana, ndipo angapo amaona vuto lomwelo nthawi imodzi. Onse atati adule pamodzi, mtengo umodzi ukhoza kuika boma lonse la Karonga mumdima. Choncho akatswiri a ESCOM amawatchera kuti azidikirana, monga momwe mlandu umayambira kwa nyakwawa, ndipo umafika kwa gulupu ndi kwa mfumu yaikulu pokhapokha ukakanika. Fyuzi kapena relay yoyandikana ndi vutolo ndiyo iyenera kudula poyamba. Yapambuyo pake imadikira pang'ono, n'kudula ngati yoyambayo yalephera.

Mpata wa pakati pa relay ndi inzake kawirikawiri umakhala masekondi 0.3 mpaka 0.4, ndipo pa zipangizo zamakono umatha kucheperapo. Mumpata umenewu muli nthawi yomwe swichi imatenga kuti itseguke, komanso kulakwitsa pang'ono kwa zoyezera. Mpatawu ukachepa kwambiri, anthu ambiri amathimiridwa magetsi popanda chifukwa. Ukachuluka, zipangizo zimapsa. Muyezo wa padziko lonse wa IEC 60255 umafotokoza kachitidwe kakuti magetsi a pangozi akachuluka, relay izidula mofulumirirapo.

Uliwa ndi malo ofunika pa nkhaniyi. Pa sabusiteshoni ya pamenepa pamadutsa nthambo ya 66kV yochokera kummwera kupita ku Karonga, ndipo chapafupi pali siteshoni ya Wovwe, yomwe EGENCO imapangirako mamegawati oposa anayi. Vuto likachitika, magetsi amatha kuthamangirako kuchokera mbali ziwiri, motero ma relay ena amayenera kuzindikiranso kumene magetsiwo akulowera.

Mavuto ambiri a pa nthambo za m'mapolo ndi osakhalitsa. N'chifukwa chake maswichi ena amadziyatsanso okha kuti ayese ngati vutolo latha. Apa ndiye pagona chenjezo: waya wogwa pansi, ngakhale aoneke wakufa, akhoza kulandira magetsi nthawi iliyonse. Palibe ayenera kumuyandikira kapena kuchotsa nthambi yomwe yamugwera.

Mafumu ndi makomiti a chitukuko alangize anthu kusabzala mitengo kunsi kwa nthambo ndi kusaika waya wamba m'malo mwa fyuzi yopsa, chifukwa wayayo sadula pa nthawi yake ndipo vuto la nyumba imodzi limakwera n'kukhudza ena. Amene akufuna kuika chigayo kapena makina owotcherera zitsulo adziwitse ESCOM poyamba, ndipo oba zipangizo za pa thiransifoma akanenedwe kupolisi.