Mliri ukatitsekera pakhomo, thandizo lili pafupi

Pa 17 Epulo 2020, Khoti Lalikulu lidaimitsa lamulo loti Amalawi akhale m'makomo masiku 21 popewa Covid-19, odandaula atanena kuti osauka sadakonzeredwe chithandizo. Phunziro lake n'lakuti banja lidziwiretu kothawira mliri usadafike.

Wina akatentha thupi kapena kubanika, musathamangire naye m'minibasi. Yambani mwaimba 54747 kwaulere pa Airtel: ndi Chipatala cha pa Foni, chomwe chidayambira ku Balaka mu 2011. Dziwitsaninso mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Matenda akakula, pitani kuchipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka.

Chakudya chikatha, kauzeni amfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi, omwe amapereka nkhani ku khonsolo. Okalamba okhala okha muziwazonda muli pabwalo, mutavala masiki.