Kamtengo ka pa Phiri la Mabu: Momwe Chomera Chatsopano Chimapezera Dzina

Munthu wodziwa agulugufe amadziwanso zomwe ana awo amadya. Mbozi za agulugufe ena zimadya masamba a timitengo tija timamera pa nthambi za mitengo ina, choncho wosaka agulugufe amazolowera kuyenda khosi lili m'mwamba. Chizolowezi chimenechi n'chomwe chinathandiza Colin Congdon, katswiri wa agulugufe, mu 2008, pamene gulu la asayansi linakamanga misasa m'nkhalango ya phiri la Mabu, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique. Chakufupi ndi nsonga ya phirili, komwe mitengo ndi yopinimbira, anaona kamtengo katakakamira pa nthambi ya mtengo wa m'banja la khofi. Iyeyu anali atayenda kwambiri m'mapiri a ku Malawi ndi ku Tanzania, koma kotereka anali asanakaonepo.

Phiri la Mabu ndi lotalika mamita pafupifupi 1,700 ndipo lili kum'mwera chakum'mawa kwa Mulanje. Mu 2005 Julian Bayliss, yemwe ankagwira ntchito yosamalira zachilengedwe ku Mulanje, anaona kachigawo kobiriwira kwambiri pa zithunzi za Google Earth, ndipo atapitako anapeza nkhalango yowirira ya mahekitala opitirira 7,000. Nyuzipepala zakunja zinaitcha nkhalango yotayika, koma anthu a m'midzi yozungulira ankaidziwa kalekale. Ankasakamo nyama, ndipo ena anabisalamo pa nkhondo yapachiweniweni yomwe inatha mu 1992. Chomwe nkhalangoyi inalibe ndi mbiri yake m'mabuku a sayansi. Ulendo wa 2008 unatsogoleredwa ndi Jonathan Timberlake wa ku Kew Gardens ku London, ndipo munali akatswiri a ku Mozambique komanso a bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust.

Kamtengo komwe Congdon anaona sikapitirira theka la mita, masamba ndi nthambi zake n'zosalala zopanda cheya, ndipo kamachita timaluwa tating'ono. Mizu ya m'dothi kalibe. Mbewu za m'banja limeneli zimabala zipatso zokhala ndi njere zomata ngati ulimbo. Mbalame ikadya chipatso, njere ija imaikanirira kukamwa, ndiye imakapukutira mlomo pa nthambi, kapena kuisiya pamenepo ndi zitosi. Njereyo ikamera imaboola khungwa n'kulumikizana ndi misempha ya mtengo, n'kumayamwa madzi ndi mchere wa m'nthaka womwe mtengowo wakoka. Chakudya imadzipangira yokha ndi masamba ake obiriwira. Mlimi akaona zoterezi pa mtengo wake wa zipatso amazisadza, ndipo salakwa, koma m'nkhalango ndi nkhokwe ya mbalame ndi agulugufe.

Kuona chomera chachilendo ndi chiyambi chabe. Ntchito yeniyeni imayamba ndi kudula kanthambi kokhala ndi masamba ndi maluwa, pakuti nthambi yopanda duwa kapena chipatso nthawi zambiri siuza katswiri zokwanira. Kanthambiko amakayala bwinobwino pakati pa nyuzipepala zakale, masamba ena chafufumimba ena chagada kuti mbali zonse zizioneka, n'kukapanikiza ndi timatabwa tomanga ndi malamba. M'nkhalango yachinyontho mapepala amayenera kusinthidwa pafupipafupi kapena kuumitsidwa pa moto wochepa, apo ayi zonse zimachita nkhungu n'kuwola. Wotola amalemba tsiku, malo enieni, kutalika kwa malowo, mtundu wa maluwa asanafote, fungo, ndi mtengo womwe chomeracho chinamerapo. Zimene sanalembe tsiku limenelo zapita.

Kenaka chitsanzocho chimapita ku nyumba yosungira zomera zouma. Ya ku Kew ili ndi zitsanzo pafupifupi 7 miliyoni. Kumeneko katswiri amaviika duwa louma m'madzi otentha kuti lifewe, n'kuling'amba ndi singano pansi pa makina okulitsa zinthu. Amawerenga timasamba ta duwa, kuyeza kachingwe kalikonse konyamula mungu, n'kufananiza ndi abale onse a chomeracho omwe anatoledwapo kale. Funso lake ndi limodzi: kodi kusiyanaku n'kwa mtundu, kapena ndi chomera chodziwika kale chomwe changokula mosiyana chifukwa cha mphepo ndi dothi? Ambiri amagwa pamenepa, n'chifukwa chake pali zomera zambirimbiri zomwe zinatchulidwa kawiri kapena katatu. Masiku ano amayezanso DNA, koma diso ndi rula sizinathe ntchito.

Mwayi wa kamtengo ka ku Mabu unali woti ku Kew kunali Roger Polhill, yemwe pamodzi ndi Delbert Wiens analemba buku la mbewu za mtunduwu za mu Africa monse mu 1998. Iye, Tim Harris ndi Iain Darbyshire anatsimikiza kuti n'katsopanodi, ndipo mu 2011 dzina lakuti Helixanthera schizocalyx linatuluka m'magazini ya Kew Bulletin. Mawu oyamba ndi dzina la mtundu waukulu, achiwiri ndi la chomerachi pachokha, potsata dongosolo lomwe Carl Linnaeus anakhazikitsa mu 1753. Kuti dzina livomerezeke, payenera kusankhidwa chitsanzo chimodzi chouma chomwe chidzakhala mboni ya dzinalo mpaka kalekale, ndipo aliyense wokayika angapite kukachiona. Nthawi imeneyo lamulo linkafunanso kuti kusiyana kwa chomeracho kulembedwe m'Chilatini. Kuyambira mu 2012 Chingerezi chinaloledwa.

Zaka zitatu zingaoneke zambiri, koma pa ntchitoyi n'kufulumira. Chaka chilichonse zomera pafupifupi 2,000 zimapatsidwa mayina, ndipo zambiri mwa izo zimakhala zitagona m'makabati zaka makumimakumi. Kafukufuku wina wa mu 2010 anayerekeza kuti pa mitundu ya zomera zamaluwa yomwe sinalembedwebe, yoposa theka inatoledwa kale, ikungodikira woti aitsegule. Apa m'pomwe mtima wanga umapita ku Zomba, ku National Herbarium and Botanic Gardens, komwe kuli zitsanzo masauzandemasauzande za zomera za dziko lino. Nyumba ngati imeneyi imafuna mankhwala othamangitsa tizilombo, denga losadontha ndi achinyamata ophunzira kuwerenga duwa. Zoterezi sizikoma kupempherera ndalama, komatu sing'anga, wopanga mankhwala ndi woyang'anira nkhalango onse amadalira kuti wina athe kunena motsimikiza kuti tsamba ili ndi la mtengo uwu, osati wa m'bale wake wapoizoni.

Dzina ndi lomwenso limalowetsa chomera m'kaundula wa zofunika kutetezedwa. Lipoti la Kew la 2023 linati pa zomera zinayi zilizonse zomwe sizinatchulidwe, zitatu zikuoneka kuti zili kale pachiopsezo chotha. Mapiri a kum'mwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique, monga Mulanje, Namuli, Chiperone ndi Mabu, ali ngati banja limodzi, ndipo kafukufuku wa mu 2024 anawerenga mitundu 127 ya zomera yomwe sipezeka kwina kulikonse padziko. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti kuyambira mu 2000 mapiriwa ataya magawo 18 pa 100 aliwonse a nkhalango yawo yowirira, makamaka chifukwa cha moto, makala ndi kutsegula minda. Pamene Helixanthera schizocalyx inkalembedwa, inkadziwika ndi zitsanzo zisanu zokha, zonse zotoledwa pa kadera kamodzi ka pamwamba pa phiri.