KODI NDEGE YAING'ONO INGASENZE INJINI? PHUNZIRO LA KU CHIGWA CHA SHIRE

Wolemba Mtolankhani Wathu

Chaka chilichonse mvula ikakula ndipo mitsinje ya Shire, Ruo ndi Mwanza ikasefukira, anthu a m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje amayang'ana kumwamba. Mu January 2015 anthu a kwa Makhanga anatsala ngati pa chilumba, kotero kuti thandizo linali kuwafikira pa bwato kapena pa helikopita basi. Mu January 2022 namondwe Ana anadula msewu wa M1 m'malo angapo, naononganso damu la magetsi la Kapichira, ndipo mu March 2023 namondwe Freddy anabwereza zomwezo m'midzi yambiri.

Pa nthawi zotere si ufa ndi mankhwala okha amene amasowa. Pampu ya madzi ikafa, kapena injini ya magetsi ya pa chipatala ikaima, chitsulo chimodzi chokha chimene chili m'sitolo ku Blantyre chimasanduka nkhani ya moyo ndi imfa. Tsono ena amafunsa kuti: popeza kunja kuno kuli anthu amene amamanga okha tindege pakhomo pao, kodi ndege yotere siingatenge chitsulocho n'kukachitula ku Bangula kapena ku Nchalo, kumene kuli mabwalo ang'onoang'ono a ndege? Funsoli n'labwino, koma yankho lake lifunika masamu.

MASAMU A PA SIKELO

Titenge chitsanzo cha ndege yotchedwa RV-7, imene zipangizo zake zimachokera ku kampani ya Van's Aircraft ku America, ndipo munthu amazilumikiza yekha. Ndegeyi siiloledwa kunyamuka ikaposa makilogalamu 816. Iyo yokha yopanda kanthu imalemera pafupifupi makilogalamu 500. Mafuta odzaza matanki amaonjezera makilogalamu ngati 114. Mukakweza anthu awiri a makilogalamu 80 aliyense, malo a katundu otsala ndi makilogalamu ngati 40 okha, osakwana ngakhale thumba limodzi la chimanga. Chonsecho injini ya mtundu wa Lycoming imene imaulutsa ndege zotere imalemera kuposa makilogalamu 110.

Wina anganene kuti, "Musiyeni mnzanuyo pansi, katundu alowe m'malo mwake." Apa pali vuto lachiwiri, limene aliyense amene anakwerapo bwato pa Shire akulidziwa. Matumba akaunjikana kumbuyo, mphuno ya bwato imadzuka ndipo wopalasa amavutika. Ndegenso ili ndi malo ake a pakati, pafupi ndi mapiko, pamene kulemera konse kuyenera kukhazikika. Katundu wolemera akapita kumchira, ndege imadzutsa mphuno koposa muyeso, mapiko amaleka kugwira mphepo, ndipo ikhoza kugwa isanakwere n'komwe. N'chifukwa chake opanga RV-7 analamula kuti kuseri kwa mipando kusaikidwe katundu woposa mapaundi 100, amene ndi makilogalamu 45.

Vuto lachitatu ndi khomo. Ndege zambiri zomanga pakhomo zilibe chitseko cha katundu; munthu amakwera pa phiko n'kulowera pamwamba, pamene pali chivundikiro choonekera. Chitsulo chingakhale chopepuka, koma ngati n'chachitali kapena chotambalala sichilowa.

CHITSULO CHOSAMANGA NDI MDANI

Mphepo ikaikankha ndege mwadzidzidzi, monga imachitira pamwamba pa zitunda za Thyolo masana otentha, katundu amalemera kawiri kapena katatu kuposa pa sikelo. Chitsulo cha makilogalamu 40 chimapondereza pansi ngati cha makilogalamu 120, ndipo pansi pa ndege yaing'ono ndi lata lopyapyala. Chotero odziwa nchitoyi amayala thabwa kuti kulemera kugawike, namanga chitsulocho ndi malamba ku mafupa enieni a ndege, kuti chingaseseleke n'kukapanikiza ndodo yoongolera. Asanachikweze amayamba akhetsa mafuta ndi oilo yense, popeza nthunzi ya petulo m'kachipinda kotsekeka imaledzeretsa woyendetsa ndipo siichedwa kuyaka.

Kutentha kwa m'chigwa nakonso kuli ndi mau ake. Mu October ndi November ku Ngabu ndi ku Nsanje kumatentha kuposa madigiri 40. Mpweya wotentha ndi wopepuka, choncho injini imachepa mphamvu ndipo mapiko amafuna liwiro lalikulu, kotero kuti ndege yolemedwa imathamanga mtunda wautali isanadzuke. M'nyengo ya dzinja, pamene thandizo lifunika koposa, bwalo la udzu limakhala matope okhaokha. Tikumbukenso kuti ku America, kumene ndege zotere zachuluka, lamulo limaletsa kuzigwiritsa nchito yonyamula anthu kapena katundu molipiritsa.

NZERU YA MU 1875

Komabe chigwa chimenechi chinayankha kale funso la katundu wolemera, ndege zisanabadwe. Mu 1863 David Livingstone anayesa kuphwasula sitima yake, Lady Nyassa, kuti ailambalalitse mathithi oyambira pa Kapichira ikafike ku nyanja, koma Boma la Britain linamuitana nchito isanathe. Patapita zaka 12, mu 1875, amishoni a Livingstonia otsogozedwa ndi E. D. Young, pamodzi ndi Dr Robert Laws, anafika pa malo omwewo ndi sitima yotchedwa Ilala. Sitimayi anaimanga ndi mabawuti mwadala kuti idzithekera kumasulidwa. Anaiphwasula kumunsi kwa mathithi, ndipo mafumu a Chikololo anasonkhanitsa amtengatenga pafupifupi 800 amene anasenza zidutswa zake pamutu, kukwera mapiri m'dzuwa loswa mtengo, ulendo wa mailosi ngati 60. Kumtunda kwa mathithi anailumikizanso, ndipo pa 12 October 1875 Ilala inalowa m'nyanja ya Malawi.

Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Chimene makolo athu aja anachita ndi chomwechonso woyendetsa ndege yaing'ono ayenera kuchita: kumasula makina, kuyesa chidutswa chilichonse pa sikelo, ndi kutenga chokhacho chimene chaonongeka. Kawirikawiri injini siifa yonse. Chimafa ndi pisitoni, pampu ya mafuta kapena lamba, zinthu zimene zimakwana m'chikwama.

ZIMENE ZAYESEDWA MASIKU ANO

Ndege zomanga ndi manja zaonekapo kale m'dziko muno, ngakhale kuti zinali zopanda munthu m'kati. Mu 2017 Boma ndi bungwe la UNICEF anatsegula malo oyeserapo tindege totere ku Kasungu, ndipo chaka chomwecho ophunzira a ku Malawi, mothandizidwa ndi sukulu ya Virginia Tech, anamanga kandege kotchedwa EcoSoar kamene kanauluka makilomita 19 kuchokera pa chipatala cha Gogode kukatera pa bwalo la Kasungu. Cha m'ma 2020 kampani ya Swoop Aero ya ku Australia inayamba kuulutsa mankhwala ndi magazi okayezedwa pakati pa zipatala za Nsanje ndi Chikwawa. Tindege timeneti tinali kunyamula makilogalamu owerengeka chabe, koma tinali kuoloka Shire pamene galimoto zinaima. Katundu wa matani anayembekezabe helikopita, monga zimene dziko la South Africa linatumiza mu 2019 pa nthawi ya namondwe Idai.

Tsono kwa inu akalaliki a ku Boma, oyang'anira nkhokwe ndi aphunzitsi akulu a m'chigwa, phunziro lake ndi ili. Lembani m'buku dzina, nambala ndi kulemera kwa chitsulo chilichonse cha makina amene muli nao, kuti tsiku la tsoka uthenga wanu udzanene chenicheni chimene chifunika. Zitsulo zolemera muziitanitse m'chilimwe, misewu ikali youma. Ndipo inu aphunzitsi, patsani ana a m'kalasi masamu a RV-7 aja awerengere okha. Mwana amene wazindikira chifukwa chake thumba limodzi la chimanga lingalepheretse ndege kudzuka wayamba kale kuphunzira umisiri umene chigwa chathu chikuusowa.