Dotolo Burkitt ndi Asilikari a m'Mwazi

Mwana wa ku Lirangwe akalasidwa ndi munga poweta mbuzi, phazi lace litupa, nilitentha, nilipweteka. Kutupako ndiko nkhondo. M'mwazi wa munthu muli tamoyo tating'ono toyera, tosaoneka ndi maso, ndito asilikari a thupi. Tizirombo tikalowa pabala, asilikari okhala pafupi atulutsa timadzi toitanira anzao, monga ng'oma iitana mudzi. Anzao afika, nacuruka, napha adaniwo. Nkhondo itatha, afika mau ena akuti aleke, ndipo cotupa ciphwa.

Nanga ng'omayo ikapanda kuleka kulira?

Kunali dotolo wa ku Ireland, dzina lace Denis Burkitt, wogwira nchito pa cipatala ca Mulago ku Uganda. Anali wa diso limodzi, koma anali wopenyetsetsa. M'caka ca 1957 anaona kamnyamata kotupa nsagwada, ndipo posacedwa anaonanso kena. Anafuna kudziwa kumene nthendayi ikhala. Tsono m'caka ca 1961 anayenda pa galimoto ndi anzace awiri mamailosi 10,000, nafunsa m'zipatala zoposa 50, ndi za dziko lino zomwe. Anapeza kuti nthendayi icuruka kumalo otentha ndi a mvula, monga kunyanja ndi kucigwa, koma kumapiri ozizira isowa. Malo otenthawo ndiwo a udzudzu ndi malungo.

Burkitt anatumiza tizidutswa ta zotupazo ku London. Kumeneko m'caka ca 1964 Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapezamo kacirombo kobisala m'kati mwa asilikari aja. Anthu ambiri ali nako, osadwala konse. Koma mwana akadwala malungo kawirikawiri, ng'oma ilira kosalekeza, ndipo asilikari aswana osapuma. Pakuswanapo mmodzi wokhala ndi kacirombo akhoza kuonongeka, nakhala wosamva mau akuti aleke. Angoswana yekha, napanga cotupa. Imeneyo ndiyo khansa yochedwa dzina la Burkitt.

M'Malawi khansayi ndi imodzi ya makhansa ogwira ana koposa. Dotolo Elizabeth Molyneux, amene anafika kuno m'caka ca 1974, anaciritsa ana otere zaka zambiri pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre. Cotupaci cikula msanga, masabata owerengeka okha. Komanso cimva mankhwala msanga, ndipo ana ambiri acira akafika nthawi isanathe.

Cifukwa cace mwana wanzeru agona m'neti, kuti udzudzu usavutitse asilikari ace. Ndipo akaona mng'ono wace watupa nsagwada, diso kapena mimba popanda bala, auza makolo tsiku lomwelo. Si ufiti ai. Kucokera ku Chileka kapena ku Lirangwe, Blantyre sikutali.