Pogona ndi Foni pa Ulendo wa ku Phiri la Mulanje

Fodya akagulitsidwa ku msika wa Chinkhoma, ndalama zimapezeka m'mabanja a ku Kasungu, ndipo ndi nthawi imene magulu a achinyamata ndi a mipingo amaganiza za maulendo. Ena amalakalaka kukaona Phiri la Mulanje, limene mu 2025 linalembedwa ndi bungwe la UNESCO m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse. Koma miyezi ya ndalamayi, Juni ndi Julayi, ndiyo miyezi ya chisanu choopsa pamwamba pa phirilo.

Munthu wokulira m'chigwa cha fodya amadziwa Phiri la Kasungu, limene amakwera m'mawa ndi kubwerera kunyumba nsima ya masana isanapse. Mulanje ndi wosiyana. Nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002, ndipo wofuna kufikako amagona m'phiri usiku uwiri kapena utatu. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Ndiponso pali chiperoni, nkhungu ya mvula yowaza imene imagwa mwadzidzidzi ndi kubisa njira.

Choyamba kukonza, tsono, ndi pogona. M'phirimo muli nyumba zogonamo alendo monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani ndi Chisepo, ndipo ya Chisepo ndiyo ili patsinde pa Sapitwa. Nyumba zimenezi zili ndi mlonda, pokolezera moto, chimbudzi ndi madzi a mumtsinje wapafupi. Mulibe sitolo kapena magetsi. Ufa, ndiwo, shuga, machesi, tochi ndi mabulangete zimachokera kumunsi, pamsana pa mwini wake kapena pa wonyamula katundu. Ambiri amayambira ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya za nkhalango. Kumeneko gulu limalembetsa maina, limanena nyumba zimene ligonemo, ndiponso limapeza wotsogolera wodziwa njira.

Amene ali ndi tenti ayenera kuimanga pafupi ndi nyumbazi, pamalo okwera pang'ono, osati m'mbali mwa mtsinje, pakuti madzi a m'phiri amadzaza msanga mvula ikagwa kumtunda. Pansi payalidwe chinthu chokhuthala, chifukwa nthaka yozizira imamwa kutentha kwa thupi kuposa mphepo. Mbaula isalowe m'tenti ngakhale kutazizira chotani. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha munthu ali m'tulo, ndipo ngozi yomweyi imachitika m'nyumba zotseka za kumudzi. Madzi akumwa awiritsidwe, ndipo aliyense adzithandize m'chimbudzi, popeza mitsinje imeneyi ndiyo imene anthu a kumunsi amamwa.

Nanga foni? Achinyamata ambiri amaikhulupirira koposa bulangete, ndipo apa ndi pamene amalakwa. Ku Kasungu dziko ndi lathyathyathya, kotero nsanja imodzi imafikira midzi yambiri. Ku Mulanje nsanja zili kumunsi, ndipo matanthwe amatchinga. Netiweki ya TNM kapena Airtel imatha kupezeka pamalo ena otsetserekera ku chigwa, koma m'makwawa ndi m'kati mwa phiri imasowa kwa maola ambiri. Batire nalo limatha msanga m'chisanu, makamaka foni ikamafunafuna netiweki. Wanzeru amaizimitsa, amaisunga m'thumba la m'kati pafupi ndi thupi, ndi kuiyatsa pamalo pokhapo pamene wotsogolera wanena. Uthenga wolemba umadutsa nthawi zina pamene mawu akanika. Abale a kumudzi auzidwe ulendo usanayambe tsiku lokwera ndi lotsika, kuti asade nkhawa foni ikakhala chete, komanso kuti adziwe tsiku loyamba kufunsa.

Mu 2003 mayi wina wa ku Netherlands anapita yekha ku Sapitwa ndipo sanapezeke. Mu Julayi 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya womutsogolera napitirira yekha. Nyengo inasintha, ndipo mtembo wake unapezeka patapita masabata oposa awiri. Chimene chinamupha ndi kuzizira.

Matenda a kuzizirawa amayamba ndi kunjenjemera. Kenaka munthu amapunthwa, lilime limalemera, ndipo amafuna kugona pansi ngati woledzera. Anzake asamuseke. Amulowetse m'nyumba kapena m'tenti, amuvule zonyowa, amufunditse mpaka kumutu, ndipo wina agone naye pafupi kuti amupatse kutentha. Ngati akutha kumeza, amwe tiyi wofunda wa shuga. Kachasu ayi: amamveka wotentha pakhosi koma amataya kutentha kwa thupi. Ngati wodwalayo wasiya kunjenjemera koma nzeru zake zasokonekera, zinthu zafika poipa. Anthu awiri, osati mmodzi, atsike kukaitana thandizo, ena atsale naye.

Amene ali ndi matenda a mtima, a shuga, a mphumu kapena othamanga magazi ayambe waonana ndi achipatala asanalipire ulendo, ndipo anyamule mankhwala okwanira masiku onse, kuwonjezapo a masiku awiri amene chiperoni chingawatsekere m'nyumba ya m'phiri.