GALIMOTO YA BANJA IKAKALAMBA, ISADYE MUNDA

Munthu woyenda m'midzi ya ku Katete, Chadiza, Petauke kapena Lundazi masiku ano amaona cinthu cimene makolo athu sanacidziwe. Pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi nkhokwe, pali galimoto ya Noah kapena Hiace yokhazikidwa pa njerwa, matayala atacotsedwa, nkhuku ziri kuikira mazira pa mpando wakumbuyo. Mukamfunsa mwini wake adzakuuzani kuti kangotsala kacitsulo kamodzi kokha. Dzinja lipita, cirimwe cifika, kacitsuloko osaoneka.

Galimoto yotereyi inagwira nchito yaikulu masiku ake. Ndiyo inathamangira ku cipatala ca St Francis pakati pa usiku ndi mayi wodwala. Ndiyo inanyamula matumba a nshawa kunka nawo ku msika, ana pa tsiku lotsegulira sukulu, abale opita ku maliro, ndiponso banja lonse pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika. Cotero ikayamba kufooka, pakhomo pamabuka funso lovuta: kodi tiikonzenso, kapena tiigulitse ndi kufuna ina?

Funsoli limabwera kawirikawiri m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene ndalama za zokolola ziri m'manja. Komatu ndalama zomwezo ndizo ziyenera kugula fataleza ndi mbeu za caka camawa, ndi zofunika za ana a sukulu. Banja likalakwitsa pamenepa, galimoto imadya munda, ndipo njala imalowa pakhomo pamene paima galimoto.

INABWERA IRI YAKALE KALE

Poyamba tikumbukire kumene magalimotowa acokera. Kale anthu a kuno kum'mawa anali kudalira mabasi a UBZ, kampani imene inatha mu 1995. Kuyambira m'zaka zomwezo, malamulo a zamalonda atafewetsedwa, magalimoto ogwirapo kale nchito anayamba kulowa m'Zambia ambirimbiri kucokera ku Japan. Anatiyenera cifukwa ku Japan nakonso amayenda kumanzere kwa mseu monga ife.

Lamulo la ku Japan lifuna kuti galimoto ipimidwe ikakwanitsa zaka 3, ndipo pambuyo pake zaka 2 ziri zonse. Kupimitsako kumadya ndalama zambiri, motero anthu ambiri kumeneko amagulitsa galimoto ikakulako. Imene ife timaiona ngati yatsopano ikafika pamudzi, kwao inali itatha kale zaka zingapo pa mseu.

Noah nayo iri ndi mibadwo yake. Yoyamba, ya TownAce ndi LiteAce Noah, inapangidwa kuyambira 1996 mpaka 2001. Inatsatira ina ya 2001 mpaka 2007, kenaka ya 2007 mpaka 2014, ndi zinanso pambuyo pake. Ndiye kuti Noah ya mbadwo woyamba yapitirira zaka 20, ndipo pali zina zimene zikuyendabe bwino lomwe, pamene zina zocepera zaka zinagona kale pa njerwa. Zaka pa zokha siziweruza mlanduwu. Ouweruza ndi atatu: thupi la galimoto, buku la ndalama, ndi munda.

YAMBANI NDI THUPI

Anthu ambiri akamva phokoso m'injini amataya mtima, koma akaona dzimbiri kunsi sada nkhawa. Kumeneko n'kuona zinthu cozondoka. Injini ingathe kucotsedwa ndi kuikapo ina. Giyabokosi, radiyeta, mashoko, mabuleki, zonsezi zimagulidwa ndi kusinthidwa. Thupi ndilo liribe sipeya.

Pitani nayo galimoto kwa makanika amene ali ndi dzenje loimikapo, ndipo inu eni ake mulowe naye kunsi muone ndi maso anu. Yang'anani zitsulo zazitali zimene zinyamula thupi, ndi malo amene mashoko ndi miyendo ya matayala zimangidwapo. Ngati pali ming'alu, ngati dzimbiri ladya mpaka kuboola, kapena ngati panaocheredwa kale koma pang'ambikanso, galimotoyo iri kumapeto kwa moyo wake. Zizindikiro zina muziona muli panja: zitseko zokoka zimene sizitsekekanso bwino, galimoto yoyenda copendekeka, ndi matayala amene atha mbali imodzi ngakhale mwawaongoletsa kawiri katatu.

Miseu yathu ya m'midzi imafulumizitsa matenda amenewa. Mseu waukulu wocokera pa mlatho wa Luangwa kufika ku Mwami ndi wa phula, koma galimoto ya pamudzi imathera masiku ake ambiri m'miseu ya fumbi, ya mabampu ndi yokumbika ndi madzi. Noah inapangidwira kunyamula anthu 7 kapena 8 pa mseu wosalala, ndipo ndi yotsika. Matumba 10 a cimanga a makilogalamu 50 ndi theka la tani. Mukaonjezapo anthu, thupi limalira ngakhale inu simulimva.

Thupi likakhala lathanzi, kukonza kuli ndi phindu. Likakhala lowola, kuikamo injini ina kuli ngati kufolera udzu watsopano pa nyumba imene nsici zake zadyedwa ndi ciswe.

INJINI IMANENA MATENDA AKE

Mtundu wa utsi umauza zambiri. Utsi wobiriwira ngati mtambo utanthauza kuti injini ikuocha oilo, ndiye kuti maring'i kapena zotsekera za mavavu zatha. Utsi wakuda utanthauza kuti mafuta akulowa ambiri koposa muyeso, ndipo kawirikawiri vutolo limakhala laling'ono. Utsi woyera wosaleka ngakhale injini yatentha, madzi akumatha m'radiyeta, ndi oilo wosanduka ngati tiyi wamkaka, zisonyeza kuti gasiketi yapsa kapena mutu wa injini wapindika.

Noah ya petulo ya mbadwo woyamba iri ndi lamba wa taimingi amene ayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 ali onse. Ya 2001 mpaka 2007 iri ndi cheni m'malo mwa lamba, koma injini yake ndi ya aluminiyamu, yosapirira kutentha kopitirira. Woyendetsa akaona muvi wa kutentha wakwera, aime pomwepo. Kukakamiza kuti tifike pamudzi kwaphetsa injini zambiri. Ya 2007 mpaka 2014 iri ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT imene ifuna mafuta akeake, ndipo kuthiramo mafuta wamba ndiko kuiononga. Giyabokosi yotere si makanika ali yense angathe kuitsegula.

Musalole kuti makanika ayambe kumasula asanakuuzeni matenda onse. Mupempheni alembe pa pepala zonse zofunika kukonza tsopano, ndi zimene aona kuti zidzafuna kukonza m'caka cikudzaci, pamodzi ndi mtengo wa sipeya ndi wa nchito yake. Pepalalo mukalionetse kwa makanika wina. Cimene cimasaukitsa mabanja ndico kukonza kwa pang'onopang'ono kosatha: lero pampu, mwezi wamawa batire, kenaka mashoko, popanda munthu wodziwa kumene kudzathera. Ndipo mukasintha injini yonse, nambala ya injini yatsopanoyo ikalembetsedwe ku RTSA kuti igwirizane ndi mapepala a galimoto.

BUKU LA NDALAMA SILINAMA

Mlimi wabwino adziwa matumba a fataleza amene anathira ndi matumba a cimanga amene anakolola. Galimoto nayo ifuna kuwerengeredwa motero. Tengani kabuku ka sukulu, mulembe zonse zimene yadya m'miyezi 12 yapitayi: sipeya, amakanika, matayala, oilo, msonkho wa mseu, inshuwaransi, kupimitsa fitinesi, ndiponso ndalama zolipira galimoto ina kapena ng'ombe zoikoka itafera pa njira. Mulembenso masiku amene inagona yosayenda. Galimoto imene inali pa njerwa usiku umene mwana anadwala yalephera nchito yeniyeni imene munaigulira.

Mafuta musawaiwale. Mu Disembala 2021 Boma linaleka kulipirako mbali ya mtengo wa petulo ndi dizilo, ndipo mu 2022 bungwe la ERB linayamba kuunika mitengoyo mwezi ndi mwezi. Injini yotha imamwa kwambiri. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pali makilomita pafupifupi 570. Galimoto yoyenda makilomita 10 pa lita imodzi idzamwa malita 57. Yoyenda makilomita 7 okha idzamwa malita 81. Kupita ndi kubwera, kusiyana kwake ndi malita 48 pa ulendo umodzi. Kuti mudziwe za yanu, dzazani thanki, lembani makilomita, ndipo podzazanso muwerenge.

Zonse mukaziphatikiza, zisandutseni matumba a cimanga pa mtengo umene munagulitsira caka cino. Pamenepo ali yense pakhomo, ngakhale agogo, adzamvetsa kuti galimoto yadya mbali yotani ya munda.

MTENGO WENIWENI WA GALIMOTO INA

Mtengo umene muona pa foni, wolembedwa m'madola pansi pa cithunzi ca galimoto yonyezimira, ndi ciyambi cabe. Pamwamba pake pali ndalama ya sitima ya pamadzi, ya kupimidwa isanacoke ku Japan, ya pa doko la Dar es Salaam kapena Durban, ya woibweretsa kufika pa malire monga pa Nakonde kapena Chirundu, ya ejenti wokonza mapepala, msonkho wa ZRA umene uwerengedwa malinga ndi mtundu wa galimoto, ukulu wa injini ndi zaka zake, kenaka kulembetsa ku RTSA. Dola nalo silikhala pamodzi. Mu 2013, caka cimene Kwacha inacotsedwa maziro atatu, dola limodzi linali pafupifupi K5. Mu 2024 linapitirira K25. Amene anagula Noah yake zaka zambiri zapitazo asayese kuti ndalama yomweyo ingagule inanso.

Kugula kwa munthu wa konkuno kumacepetsa maulendo, koma kuli ndi misampha yake. Akulu anati cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Penti watsopano amabisa dzimbiri ndi zipsera za ngozi, ndipo makilomita a pa wochi amatha kubwezedwa m'mbuyo. Pitani ndi makanika wanu, osati wa wogulitsa. Onani kuti nambala ya chasisi ndi ya injini zigwirizana ndi zolembedwa mu white book, ndi kuti dzina la m'menemo ndi la munthu amene akugulitsayo, monga liri pa citupa cake. Musapereke ndalama zonse musanatsimikize ku RTSA ndi ku polisi kuti galimotoyo iribe mlandu, ndipo musacedwe kusintha dzina.

Kumbukiraninso kuti galimoto imene mukugulayo nayo ndi yakale. Matenda a yanu muwadziwa. A inayo mudzawadziwa mutalipira kale. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndipo musanakopeke ndi mtundu wacilendo, funsani ngati sipeya zake zipezeka ku Chipata kapena ku Petauke, pakuti kacitsulo koyembekezera kucokera kutali kangagoneke galimoto mwezi wathunthu.

MUYESO WAKE NDI UWU

Ngati thupi liri lolimba, mapepala ali bwino, sipeya zipezeka pafupi, ndipo ndalama yokonzera zonse pamodzi iri yocepa poyerekeza ndi imene mungaonjeze kuti mugule ina, konzani. Koma konzani kamodzi ndi mokwanira, kuyambira mabuleki, matayala ndi ciongolero, pakuti izi ndizo zisunga moyo wa ana anu.

Ngati thupi lang'ambika kapena lawola, kapena injini ndi giyabokosi zafooka nthawi imodzi, kapena buku lionetsa kuti caka ciri conse idya koposa capita, igulitseni ikali kuyenda. Galimoto yoyenda iri ndi mtengo. Ikagona pa njerwa dzinja limodzi, makoswe amadya mawaya, mabuleki amagwirana, ndipo otsala kuifuna ndi ogula zitsulo zakutha. Pogulitsa nenani zoona za matenda ake, pakuti wogulayo mudzakumana naye pa maliro ndi ku chalichi.

Palinso njira yacitatu imene ambiri acita nayo manyazi: kugulitsa ndi kukhala caka cimodzi kapena ziwiri opanda galimoto. Ngolo ya ng'ombe ingathe kututa zokolola, njinga ndi njinga yamoto zingathe maulendo a pafupi, ndipo pa matenda mungapangane ndi mnansi amene ali ndi galimoto, mutasungiratu ndalama ya mafuta. Ena amaganiza kuti galimoto idzadzilipira yokha ponyamula anthu olipira. Adziwe kuti nchito imeneyo ifuna cilolezo cake ndi inshuwaransi yake, ndipo kuicita mobisa ndi mlandu.

MUTU UMODZI SUSENZA DENGA

Nkhaniyi si ya bambo yekha ndi makanika wake. Mayi amene anapalira ndi kukolola nawo munda ayenera kuona pepala la makanika ndi buku la ndalama. Ana a ku Lusaka kapena ku Migodi amene amatumiza thandizo auzidwe zoona zonse, kuti asamangolandira foni yopempha sipeya mwezi ndi mwezi.

Pokambirana, yambani mwapatula cakudya cofika pa kukolola kwina, ndalama ya fataleza ndi mbeu, ndi ya ana a sukulu. Ng'ombe zolimira zisalowe m'nkhaniyi, ndipo ngongole ya kaloba isayandikire n'komwe. Cotsala ndico ca galimoto. Cikakwana kukonza, konzani. Cikakwana kugula ina, gulani mosamala. Cikapanda kukwana, dikirani kukolola kwina. Munda ukalimidwa bwino udzagula galimoto ina, koma galimoto yogona pansi pa mango siidzagula ngakhale thumba limodzi la fataleza.