Wophunzira wa Kunja pa Atachimenti: Phunziro Lochokera ku Penhalonga

Aphunzitsi anzanga, ena mwa ana amene mukuwaphunzitsa lero adzawoloka malire kukachita maphunziro apamwamba. Ena mwa inu mudzalandira pasukulu panu wophunzira wa dziko lina amene wabwera kudzayeserera kuphunzitsa. M'gawo lino tiona zimene zimachitika wophunzira wotere akafika pa atachimenti, nthawi imene amachoka m'kalasi kukaphunzirira ntchito pamalo penipeni pa ntchito. Zimene zimamupunthwitsa kawirikawiri ndi ziwiri: mapepala ndi chiyankhulo. Zonsezi zimadutsa m'manja mwa mphunzitsi wa ziyankhulo, chifukwa pepala ndi mawu olembedwa, ndipo mawu ndiye ntchito yathu.

Chifukwa chake tasankha Penhalonga

Penhalonga ndi tauni yaing'ono ya migodi ya golide m'boma la Mutasa, makilomita osakwana 20 kumpoto kwa mzinda wa Mutare, pafupi ndi malire a Zimbabwe ndi Mozambique. Chapafupi, ku Old Mutare, kuli Africa University, imene idatsegulidwa mu 1992 ndi mpingo wa United Methodist ndipo imalandira ophunzira a m'maiko ambiri a mu Africa: oyankhula Chingerezi, Chifalansa ndi Chipwitikizi. Deralo lili ndi mbiri yakale ya maphunziro. Sukulu ya St Augustine's ya mpingo wa Anglican ku Penhalonga idayamba makalasi a sekondale mu 1939, ndipo ndiyo idatsegulira ana akuda njira ya sekondale m'dzikomo. Choncho pamtunda waufupi pali yunivesite ya alendo, masukulu, zipatala, minda ndi migodi, malo onse amene wophunzira angatumizidweko.

Kuyenda kwa ophunzira kotere kuli ndi maziko ake. Mu 1997, mumzinda wa Blantyre, atsogoleri a maiko a SADC adasainira pangano la maphunziro lolimbikitsa mayunivesite kusunga malo osachepera 5 pa 100 alionse a ophunzira ochokera m'maiko ena a m'chigawochi. Panganolo lidatsegula khomo, koma malamulo a anthu olowa ndi kutuluka adatsalabe m'manja mwa dziko lililonse palokha.

Chilolezo chophunzirira si chilolezo chogwirira ntchito

Tiyerekeze mtsikana wa ku Dedza amene akuphunzira zauphunzitsi ku Mutare. Mmalawi amalowa m'Zimbabwe popanda viza ngati akungokacheza. Koma kucheza si kuphunzira. Kuti akhale pasukulu, ayenera kukhala ndi pemiti ya wophunzira yochokera ku nthambi ya Immigration ya dzikolo. Pemitiyo imaperekedwa chifukwa cha maphunziro ake pa sukulu imene idamulandira. Wofuna kulembedwa ntchito yolipidwa amafunika pemiti ya mtundu wina.

Apa ndiye pagona nkhani. M'mayunivesite ambiri a ku Zimbabwe atachimenti ndi gawo la digiri, ndipo m'maphunziro ambiri imachitika chaka chachitatu. Wophunzira amadzuka m'mawa, kupita kuntchito, kulamulidwa ndi bwana ndi kuweruka madzulo ngati wantchito wina aliyense. Woona ndi maso sangasiyanitse. Chimene chimasiyanitsa ndi zolembedwa: kalata ya yunivesite yofotokoza kuti ntchitoyo ndi mbali ya maphunziro ndipo idzapatsidwa malikisi, kalata ya malo omulandira yotchula tsiku loyamba ndi lomaliza, ndi buku limene amalembamo zochita za tsiku ndi tsiku, losainidwa ndi womuyang'anira.

Muwaphunzitse ophunzira anu kufunsa mafunso anayi asananyamule chikwama. Loyamba: kodi pemiti yanga idzatha liti, ndipo tsikulo lili mkati mwa atachimenti kapena kunja kwake? Pemiti ikatha ali kutali ndi ofesi ya yunivesite, n'kosavuta kuiwala. Lachiwiri: ndalama imene andilonjeza akuitcha chiyani pa pepala, chithandizo cha mayendedwe ndi chakudya kapena malipiro? Lachitatu: atachimenti ikatha, bwana n'kundipempha kuti ndipitirize mwezi wina, ndidzakhala ndili pansi pa chilolezo chiti? Lachinayi: ngati malo apezeka kutsidya, ku Manica kapena ku Chimoio, kodi ndikudziwa kuti ndikangodutsa pachipata cha Forbes pemiti ya Zimbabwe ilibenso mphamvu?

Musawalole kutengera lamulo la dziko lina. Ku South Africa, wokhala ndi viza yophunzirira pa sukulu yapamwamba amaloledwa kugwira ganyu wa maola osapitirira 20 pa sabata. Wophunzira akamva zimenezi kwa msuweni wake wa ku Johannesburg amaganiza kuti ndi mmene zilili paliponse. Yankho lodalirika ndi lolembedwa, lochokera ku ofesi yoona za ophunzira a kunja kapena ku Immigration. Safunsa adadya phula, ndipo phula la pano ndi lowawa: kutaya chaka chonse cha maphunziro, fizi imene abale adasonkha, mwinanso mwayi wolowanso m'dzikomo.

Chiyankhulo cha pamalo a ntchito

Mapepala akakhala bwino, mtsikana wathu wafika pa sukulu ina ya ku Penhalonga. Ku yunivesite ankaphunzira m'Chingerezi ndipo mayeso ankakhoza. Koma m'chipinda cha aphunzitsi, pabwalo la masewero ndi pamsonkhano wa makolo, anthu akuyankhula Chimanyika, chimene ndi nthambi ya Chishona. Nkhani zofunika, monga za mwana amene wasiya sukulu n'kupita kukakumba golide m'mphepete mwa mtsinje wa Mutare, zimakambidwa m'chiyankhulo chimenecho. Wosamva amangokhala ngati chithunzi pakhoma.

Woyankhula Chichewa ali ndi mwayi chifukwa ziyankhulo ziwirizi n'zachibale. Akamva kuti "Maswera sei?" sachedwa kuzindikira "Mwaswera bwanji?". "Kurwara" ndi kudwala, "kuseka" ndi kuseka. Koma ubale womwewo uli ndi misampha. M'Chishona "kutenga" ndi kugula. Mtsikanayo akauza mnzake kuti watenga choko mu ofesi, mnzakeyo adabwa kuti choko chayamba liti kugulitsidwa. Winanso ndi uwu: "kutamba" m'Chishona ndi kusewera kapena kuvina, pamene kwathu ndi kuchita ufiti. Akamva kuti "Vana vari kutamba" asathawe, ana akungosewera. Mawu otere, ofanana pakamwa koma osiyana tanthauzo, ndi oopsa kuposa mawu achilendo, chifukwa munthu safunsa chimene akuganiza kuti akuchidziwa kale.

Palinso ulemu. Monga kwathu, wamkulu amamutchula mochulukitsa, ndipo moni kapena kuthokoza kumayenda ndi kuwomba m'manja. Wophunzira amene amalowa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu n'kuyamba ndi pempho asanapereke moni amaoneka wamwano, ngakhale Chingerezi chake chikhale chosalala chotani. Kumbukirani kuti womuyang'anira ameneyo ndiye adzalembe lipoti lopita ku yunivesite.

Chichewa chimene adzachipeza kumeneko

Mtsikanayo asadabwe akamva Chichewa pamsika. Kuyambira kale, makamaka m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1953 mpaka 1963, amuna ambiri a ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete ankapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a dziko limeneli. Ambiri adatchona, ndipo zidzukulu zawo zilipo mpaka lero. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amavomereza ziyankhulo 16, ndipo Chichewa chili pa mndandandawo.

Komabe mumuchenjeze zinthu ziwiri. Chichewa cha kumeneko chasakanikirana ndi Chishona, ndipo si ntchito ya mlendo kuyamba kukonza pakamwa pa agogo amene adachisunga zaka zonsezi. Chachiwiri, mabanja ena adazolowera kubisa chiyankhulo chawo chifukwa cha maina onyoza amene anthu ochokera kwathu ankapatsidwa. Mwana amene amachimva sangadziulule pagulu. Mphunzitsi woyeserera amene amayankhula Chichewa mosachita manyazi, komanso mosakakamiza wina aliyense, amapatsa ana otere chinthu chimene sichili m'silabasi.

Mbali yanu

Mbali yanu imayamba mwana asanawoloke. M'maphunziro olemba makalata, m'malo mwa kalata yopeka yopempha ntchito ya ukalaliki, alembe kalata yopempha malo a atachimenti yotchula kosi yake, masiku ake ndi amene adzamuyang'anire. M'maphunziro a kumvetsa nkhani, awerenge fomu yeniyeni ndi mawu a pa chidindo cha m'pasipoti, asiyanitse tsiku lopatsidwa ndi tsiku lothera. M'maphunziro a kuyankhula, ayeserere kufunsa wamkulu funso lovuta mwaulemu: "Pepani bwana, kodi zimenezi mungandilembere?"

Ngati ndinu olandira, pemphani kalata ya yunivesite tsiku loyamba. Musamupatse mlendoyo makalasi a mphunzitsi amene wapita kutchuthi ngati kuti mwalemba wantchito watsopano. Mupezereni mnzake woti azimumasulira za m'chipinda cha aphunzitsi sabata zoyambirira.

Ntchito yoti muchite

1. Lembani mawu asanu a Chichewa amene amamveka ngati a chiyankhulo china cha kudera kwanu koma tanthauzo lake n'losiyana. Konzani phunziro la mphindi 30 pogwiritsa ntchito mawuwo.

2. Funsani ku ofesi ya Immigration ya m'dziko lanu zimene wophunzira wa kunja amaloledwa kuchita pa atachimenti. Yankho lake mudzaliyerekeze ndi la mnzanu wa dziko lina pa msonkhano wathu wotsatira.